Girini pepa ndi ndiwo, si wongokongoletsera mpunga wa pa ukwati

Ku msika wa pa boma kuno ku Kasungu girini pepa sasowa, mumupeza pa mabenchi a amayi ogulitsa tomato ndi anyezi, ataikidwa timilu ta atatu atatu, pena pambali pa karoti ndi zitheba. Koma taonani amene amagula. Ndi a malesitilanti, anyamata a chiwaya omwe amamuduladula mu saladi wa chipisi, ndi amayi amene apatsidwa ntchito yophika pa ukwati kapena pa chinkhoswe. Enafe timangomudutsa, timati ndi za mabwana, kapena timati ndalama ya ndiwo ndi yochepa kale nde tiiwonongerenji pa chinthu chongonunkhiritsa. Ine maganizo amenewa amandiwawa, chifukwa pa zonse zili pa benchi paja ameneyu ndi mmodzi mwa omwe ali ndi vitamini C wambiri zedi, ndipo nyumba zomwe ndiwo yake ndi nyemba lero, nyemba mawa, mkuja soya pisi, ndi zimene zikumufuna kwambiri kuposa hotela.

Tidziwe kaye kuti ameneyu ndi ndani. Girini pepa ndi tsabola ndithu, asayansi amamutchula kuti Capsicum annuum, kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo komwe anthu anayamba kulima tsabola kalekale, zaka masauzande zapitazo. Ku Ulaya tsabola anafika Christopher Columbus atabwerako ku ulendo wake mu 1493, kenako Apwitikizi ndi amene anamwaza mbewu zake m'madoko a Africa ndi India. Nde kambuzi wathu uja ndi m'bale wake. Kusiyana kwawo kuli pa kuwawa. Kuwawa kwa tsabola kumachokera ku kanthu kotchedwa capsaicin, kamene kamapangidwa mkati mwa tsabola pa zoyera zija zomwe njere zimamatirirapo, ndiye girini pepa mtundu wake sukapanga kanthu kameneka, nchifukwa chake pa muyeso wa ukali wa tsabola omwe anayambitsa Wilbur Scoville mu 1912 iyeyu ali pa 0, pomwe kambuzi ali pa masauzande ambirimbiri. Mwana atha kudya, agogo atha kudya, palibe wotuluka thukuta.

Tsopano manambala, pang'ono chabe. Mu magalamu 100 a girini pepa wosaphika, komwe ndi kulemera kwa mmodzi wamkulu bwino, muli vitamini C wokwana pafupifupi mamiligalamu 80. Mu magalamu 100 a lalanje muli cha m'ma 53. Mu tomato muli cha m'ma 14 basi. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 75 ngati ndi mayi, 90 ngati ndi bambo pa tsiku, malinga ndi muyeso womwe amagwiritsa ntchito ku America, ndipo osuta fodya amafunika kuonjezerapo ena 35 chifukwa utsi umamaliza vitamini ameneyu m'thupi msanga. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa nayenso amafunika wochulukirapo. Mukawerengera muona kuti girini pepa mmodzi yekha atha kumupatsa munthu pafupifupi vitamini C yense wofunika pa tsiku, ndipo ngakhale mumugawane anthu anayi pa mbale ya ndiwo, aliyense wapezapo kangachepe kooneka. Muli zinanso, vitamini B6, vitamini K pang'ono, komanso gaga uja wa m'zomera amene amathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Koma tisanamizane, mphamvu yogwirira khasu mulibe, gawo lalikulu la girini pepa ndi madzi, kuposa magawo 90 pa 100 alionse. Pa magulu 6 a zakudya omwe amatiphunzitsa ku sikelo aja iyeyu ali ku gulu la masamba, sangalowe m'malo mwa nsima, nyemba kapena usipa.

Vitamini C thupi lathu silipanga lokha, komanso silimusunga nthawi yaitali, wotsala amatuluka ndi mkodzo, nde amafunika kulowa pafupipafupi. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza thupi kumanga ulusi umene umagwira khungu, nkhama ndi mitsempha ya magazi. Akasowa kwa miyezi ingapo bala limachedwa kupola, nkhama zimatupa nkumatuluka magazi, chiseyeye chija, munthu amangomva kufooka. Amathandizanso chitetezo cha m'thupi. Ndipo nkhani ya vitamini ameneyu ndi tsabola inayamba kale, wasayansi wa ku Hungary dzina lake Albert Szent-Györgyi ankavutika kupeza vitamini C wokwanira woti azimufufuza, mpaka anayesa paprika yemwe amalimidwa kwambiri mu mzinda wa Szeged komwe ankagwira ntchito, nkupezamo wochuluka modabwitsa. Mu 1937 analandira mphoto ya Nobel. Paprika ameneyo, yemwe alimi ena kuno analimapo ngati mbewu yogulitsa, ndi mtundu umodzi ndi girini pepa.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi nkhani ya magazi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa MDHS wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi, ndipo amayi a zaka 15 mpaka 49 anali 33 pa 100 alionse. Amenewa si anthu akutali, ndi ana a m'makomo mwathu, ndi alongo athu amene amati akaweramuka pa mtondo amaona chizungulire. Kuti thupi lipange magazi limafuna ayironi. Ayironi alipo wa mitundu iwiri, wa mu nyama, chiwindi ndi nsomba amene thupi limamutenga mosavuta, ndi wa mu zomera monga nyemba, khobwe, nandolo, soya, bonongwe ndi nkhwani, amene thupi limangotengako pang'ono, wambiri nkungodutsa. Chimene chimavutitsa nchoti mu chimanga ndi mu nyemba momwemo muli kanthu kena kachilengedwe, amakatcha phytate, kamene kamamanga ayironi uja m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Nde mutha kumadya nsima ya nyemba sabata yonse, ayironi ali m'mbalemo ndithu, koma wolowa m'thupi ndi wochepa.

Apa ndi pomwe vitamini C amagwira ntchito ngati ankhoswe, amayanjanitsa ayironi wa m'nyemba ndi thupi. Amamusintha kuti akhale wosungunuka, woti matumbo atha kumuyamwa, ndipo amachepetsa mphamvu ya phytate uja. Koma pali lamulo limodzi, ziwirizi zikumane pa chakudya chimodzi. Kudya girini pepa m'mawa nyemba madzulo sizithandiza kwenikweni pa nkhani ya ayironi, zifunika zitsikire limodzi. Ndipo tiyi amachita zosemphana, muli zinthu zomwe zimamanganso ayironi, nde chizolowezi chotsitsira chakudya ndi kapu ya tiyi wakuda chimabweza m'mbuyo zonsezi, bola kudikira ola limodzi kapena kuposa.

Ndisakuuzeni ngati kuchepa magazi konse kumathera pa girini pepa, ayi. Malungo amaononga magazi, njoka za m'mimba ndi likodzo zimamwa magazi, amayi ena amataya ambiri pa nthawi ya kumwezi kapena pobereka. Mwana amene m'manja ndi m'zikope mwayera apite kuchipatala akamuyeze, mayi woyembekezera amwe mapiritsi oonjezera magazi omwe amapereka ku sikelo ngakhale ena amawadandaula fungo. Chakudya ntchito yake ndi ya tsiku ndi tsiku, kuteteza kuti munthu asafike pamenepo. Chimodzimodzi mauthenga amayenda pa WhatsApp aja oti girini pepa amachiza shuga kapena BP, musawatengere. Ndi ndiwo yabwino kwa munthu wa shuga chifukwa ilibe shuga wambiri, koma si mankhwala, ndipo wosiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha uthenga wa pa foni akuika moyo wake pachiswe.

Tsopano tibwere ku moto, chifukwa ndi kumene zambiri zimaonongekera. Vitamini C ndi wosalimba, amaopa kutentha kwa nthawi yaitali, amasungunukira m'madzi, ndipo akadulidwa nkukhalitsa pa mphepo amayamba kutha. Nde taganizani momwe ambiri timaphikira nyama ya pa chisangalalo, girini pepa amalowa koyambirira limodzi ndi anyezi, kenako madzi, kenako chithupsa cha ola lathunthu mpaka iye uja wasanduka wotuwa, kwangotsala timakungu tikuyandama pa msuzi. Fungo lilipo, inde, koma vitamini wambiri wapita.

Njira yake si yovuta ndipo sionjezera makala. Tiyerekeze nyemba zapsa kale, zafewa, mwazitsitsa pa mbaula. Mu poto wina mwaika mafuta pang'ono, anyezi afiire, tomato apse mpaka asungunuke, mwathiramo nyemba zija ndi mchere, zabwata pang'ono msuzi wagwirana. Girini pepa mumutsuke ali wathunthu, mumudule nthawi yomweyo osati m'mawa, timizere kapena timabokosi ting'onoting'ono, nkumuwaza pamwamba pa nyemba, kuvundula kamodzi, kuvundikira, mphindi zitatu kapena zisanu basi nkuphula. Mukavundukula mumuone akadali wobiriwira kuti biriwiri, ndipo mukaluma azimveka kukhukhuta pang'ono. Mtundu umenewo ndiye chizindikiro chanu, ukayamba kutuwa dziwani kuti wapitirira. Msuzi musataye ngakhale pang'ono chifukwa vitamini amene watuluka ali momwemo, ana apatsidwe. Zomwezi mutha kuchita ndi usipa, matemba, soya pisi, mazira okazinga, ngakhale mpiru ndi repu, iye azikhala womalizira kulowa nthawi zonse.

Ndipo chonde asakumane ndi soda kapena chidulo. Ndikudziwa therere popanda soda silikoma kwa ambiri, chigwada chimafewa msanga ndi chidulo, ena amathira soda ndi mu nyemba momwe kuti zipse mwachangu nkhuni zisathe. Koma soda amapha vitamini C pamodzi ndi mavitamini ena a gulu la B. Ngati vuto ndi nkhuni, nyemba zivikeni m'madzi usiku, m'mawa tayani madziwo nkuphika ndi atsopano, zimapsa msanga ndipo kuviikako kumachepetsako phytate uja. Tsiku lomwe mwaphika ndiwo ya soda, girini pepa muikeni pambali ngati saladi.

Wosaphika ndiye amakhala ndi vitamini wake yense. Kabichi wodula mopyapyala, tomato, anyezi, girini pepa, kamchere ndi madzi a mandimu, yakwana saladi, sizilira mayonezi. Kungoti apa ukhondo ndi nkhani yaikulu, tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anatengera anthu m'dziko muno. Chodyedwa chosaphika chitsukidwe ndi madzi otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini, mpeni ndi thabwa lodulirapo zisakhale zomwe mwangodulira nkhuku yaiwisi. Kwa mwana wamng'ono amene wangoyamba kudya atakwana miyezi 6, musamupatse zidutswa zaziwisi angatsamwe, mumudulire tating'ono kwambiri, kuphika pang'ono afewe nkusakaniza ndi nyemba zonyenya.

Pali anthu ena amati akadya girini pepa amangogeya fungo lake tsiku lonse, ena amamva chilungulira. Sikuti akunama. Khungu lake ndi lolimba kugayika, komanso wobiriwira amakhala ndi kakuwawira kena chifukwa sanapse. Oterewa ayese kumuotcha pang'ono pa makala mpaka khungu lichite matuza nkulisenda, kapena adye wofiira.

Inde, wofiira uja si mbewu ina yachilendo. Girini pepa ndi tsabola wosapsa, mukamusiya pa mtengo masabata ena awiri kapena atatu amasintha, mitundu yambiri imafiira, ina imakhala yachikasu kapena ya olenji. Akapsa amatsekemera, vitamini C amakwera kufika mamiligalamu cha m'ma 128 pa magalamu 100, ndipo zopangira vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha ana, zimachuluka kuposa ka 8 poyerekeza ndi wobiriwira. Vitamini A ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono kapena nsinjiro. M'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe wofiira amadula kwambiri chifukwa wakhalitsa m'munda, wamwa madzi ambiri, ndipo sachedwa kuonongeka. Koma pa msika wathu zimachitika zotembenuka, amene wayamba kufiira mbali imodzi anthu amamukana amvekere wakhalitsa, ogulitsa nkumutsitsa mtengo. Ngati ali wolimba, wosafota, wopanda bala, tengani ameneyo, mwapeza zambiri pa ndalama yochepa. Za pa Facebook zoti wa matako atatu ndi wamwamuna woyenera kuphika, wa anayi ndi wamkazi wotsekemera, ndi bodza chabe, duwa lililonse la tsabola limakhala ndi mbali zonse ziwiri, kuchuluka kwa matako kumatengera mtundu ndi mmene wakulira.

Mwina wina anena kuti nanga si tili ndi zipatso. Zoona, ndipo gwafa amamuposa girini pepa kutali, ali ndi vitamini C wopitirira mamiligalamu 200 pa magalamu 100, papaya ndi mango nazonso zili bwino, nthawi yake ikakwana ana adye mmene angathere. Koma zipatso zili ndi nyengo. Mango ndi masuku ndi a kumayambiriro kwa dzinja, magwafa amabwera mvula ikamapita kumapeto, manachesi ndi a nthawi yozizira. Ikafika Ogasiti, Seputembala mpaka Okotobala zipatso zimachepa, m'midzi yambiri ndiwo imakhala mfutso, ndipo mfutso ngakhale uli wothandiza pa zina, vitamini C wake wambiri anathera pofutsa ndi poyanika pa dzuwa. Nthawi yomweyo ndi imene madimba a m'mbali mwa Bua, Dwangwa ndi m'madambo ena amakhala akutulutsa zamasamba. Girini pepa mmodzi womalizira mu mfutso wotendera amabwezeretsa chimene dzuwa linachotsa.

Nde ngati muli ndi dimba, kapena kamalo kuseri kwa nyumba komwe madzi a pa mjigo amafika, mitengo khumi yokha ikwanira banja. Mbewu monga California Wonder imapezeka m'mashopu a zaulimi. Mumafesa pa nazale, mbande zimatenga masabata 6 mpaka 8 kuti zifike pookera, ndipo pakatha miyezi iwiri ndi theka chiokereni mumayamba kuthyola, nkumathyolabe kwa masabata angapo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye amamera mochedwa, musataye mtima. Kutentha kwambiri kwa Okotobala kumayoyola maluwa, nde kuphimbira nthaka ndi udzu kumathandiza kusunga chinyontho. Kuthirira kukhale kwa ndondomeko, mukamuumitsa masiku angapo kenako nkumukhuthulira makheni ambiri nthawi imodzi, zipatso zimaola kumatako, kumachita kuda ngati zapsa ndi moto.

Koma kwa ife a ku Kasungu pali chenjezo limene mlimi wa kwina mwina sangalilabadire. Girini pepa ndi banja limodzi ndi fodya, tomato, mbatatesi ndi mabiringanya, matenda awo ndi amodzi. Pamalo pomwe panali nazale ya fodya chaka chatha pamaoneka pokopa chifukwa ndi pafupi ndi madzi ndipo feteleza anatsalira, koma ndi pomwe pamabisala timinyongolotsi ta m'nthaka tija totupitsa mizu, mukazula mtengo wofota nkupeza mizu yachita mfundomfundo ndi timeneto. Palinso matenda ofotetsa mbewu mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, amakhala m'nthaka zaka. Malo otere apumitsidwe zaka ziwiri kapena zitatu ndi chimanga. Ndiye pali kachirombo koyambitsa mawangamawanga pa masamba a fodya, kameneka kamayenda ndi manja ndi zida, munthu amene wachokera kosankha fodya m'chigafa kapena wangopichira chingambwe asagwire mbande za tsabola asanasambe m'manja ndi sopo. Alangizi amazinena izi pa tomato, pa girini pepa ndi chimodzimodzi.

Nsabwe za m'masamba zimamukonda, ndipo apa ndi pomwe alimi ena amalakwitsa, amatenga mankhwala otsala a fodya kapena a thonje nkupopera ndiwo, mawa lake nkuthyola kupita nazo ku msika. Izi ndi zoopsa kwa odya, makamaka poti girini pepa timadya ndi khungu lomwe, pena wosaphika. Pa botolo lililonse la mankhwala ovomerezeka pamalembedwa mbewu zoyenera komanso masiku oti mudikire musanakolole, masiku amenewo asadumphidwe. Inu ogula, mukaona zoyerayera ngati ufa zaumira pa khungu kapena pakumveka fungo la mankhwala, musiyeni, ndipo aliyense amene mwagula atsukidwe bwino makamaka pa dzenje la kumutu pomwe pamakhala phesi, mpomwe zinthu zimakhazikika.

Posankha, tengani wolemera m'manja, wa khungu losalala lowala, phesi lake lidakali lobiriwira. Amene wachita makwinya wakhalitsa pa dzuwa, madzi atha ndipo vitamini wachepa, nchifukwa chake kugula m'mawa kumaposa kugula madzulo. Kunyumba musamutsuke mpaka nthawi yophika, chinyezi chimamuoletsa. Opanda firiji amuike pa mthunzi pozizira, mu lichero kapena mu mphika wadothi wovundikira ndi kansalu konyowa, osati mu jumbo yomanga, amatha masiku angapo bwinobwino. A firiji amuike m'kabati ya pansi ya zamasamba, atha kukhala sabata kapena kupitirira pang'ono, kumtunda kozizira kwambiri amachita timaenje pa khungu. Mukagwiritsa ntchito theka, theka linalo musiye ndi njere zake, livundikireni m'mbale ndipo lilowe mu ndiwo ya mawa lake.